Andisankha Land Economy ku MUBAS koma adadi akuti ndi kosi ya madobadoba, ndithandizeni

Tadala wa ku 36:
Moni nonse akuluakulu. Pepani ndilemba zambiri koma mutu waima. Mayina a ku yunivesite atatuluka ndinapezeka kuti anditenga ku MUBAS, kuja kale tinkati ku Poly, kukapanga Land Economy. Ine mtima wanga unali pa Accountancy, iyiyi ndinangoilemba kumapeto chifukwa aphunzitsi athu a jogalafe anati ndisasiye mpata pa fomu. Nde kunyumba kwavuta. Amayi akusangalala kuti bola mwana walowa koleji ya boma, koma adadi akuti iwo sangavutike ndi fizi zaka zonsezo kuti mwana wawo adzakhale dobadoba, kumayenda ndi anthu m'makwalala kuwaonetsa nyumba za lendi. Akuti kuli bwino ndiyambe maphunziro a uakawuntanti a ICAM konkuno ndizigona pakhomo. Ine ndikusowa choyankha chifukwa nanenso kosiyi sindikuidziwa. Alipo anaipanga pano? Mumaphunzira chani kwenikweni, nanga ntchito zake zimapezeka kuti kuno ku Lilongwe?

Bambo a Yankho:
Choyamba wakhoza mwana wathu, wachita bwino. Kulowa koleji ya boma si masewera, anzako ambiri mapointi abwino ali nawo koma angokhala pakhomo. Usaitaye usanafunse, paja safunsa anadya phula. Alipo achemwali ena pano amagwira zomwezo, a NaMbewe, dikira aione.

Man Jay wa pa Biwi:
Nde ife madobadoba tinalakwanji abale kuti tizikhala chooopsezera ana? Ndibwera ndiyankhe bwinobwino, panopa ndili ndi kasitomala ku Mchesi.

NaMbewe:
Tadala mng'ono wanga moni. Ine ndinapanga kosi yomweyo idakali Poly, isanasanduke MUBAS mu 2021, ndipo mpaka lero ndikudya za ntchito yomweyo konkuno. Bambo akowo usawakwiyire, dzina la kosiyi anthu ambiri salidziwa, kwathu ena ankayesa ndikukaphunzira zaulimi.

Mtima wa kosiyi ndi valuation, kudziwa mtengo weniweni wa malo kapena nyumba, komanso kutha kufotokoza pa pepala chifukwa chomwe wanenera mtengo umenewo, moti ngakhale akuitane ku khoti loya akupanikize ndi mafunso iwe osagwedezeka. Nde kuti ufike pamenepo amakudyetsa zambiri, malamulo a za malo, economics, ma accounts, zomangamanga kuti uzitha kuwerenga pulani ndi kudziwa ngati mng'alu wa pakhoma uli wa pulasitala chabe kapena wachokera ku maziko, kapulanidwe ka matauni, za saveyi pang'ono, komanso kasamalidwe ka nyumba za eni ake monga kutolera lendi, kulemba mapangano ndi matenanti, kukonzetsa zoonongeka. Accountancy umaifunayo siikutayika yonse ayi, mbali ina ili momwemo, kungoti m'malo mowerengera katundu wa mu shopu uziwerengera njerwa, malata ndi dothi.

Tadala wa ku 36:
Zikomo achemwali, mtima wayamba kukhala pansi. Nanga masamu ake ndi ovuta bwanji? Ndinakhoza ndithu koma si kuti ndine katswiri.

NaMbewe:
Si masamu a ma injiniya, ndi masamu a ndalama. Chachikulu ndi kumvetsa kuti K1 miliyoni ya lero siyofanana ndi K1 miliyoni yomwe udzalandire zaka zisanu zikubwerazi. Ndikupatse chitsanzo, manambalawa ndi ongoyerekeza. Nyumba ili ku Area 47 ikulowetsa lendi K800,000 pamwezi, pachaka ndi K9.6 miliyoni. Uchotsepo ma rate, msonkho wa nyumba uja wa ku khonsolo, inshuwalansi, zokonzetsa, ndi mwezi womwe imatha kukhala yopanda munthu tenanti akatuluka, tinene patsala K8 miliyoni. Ngati anthu ogula nyumba za mtundu umenewo akuvomera phindu la 8 peresenti pachaka, ndiye kuti mtengo wake uli cha pa K100 miliyoni, poti ukagawa K8 miliyoni ija ndi 8 peresenti umapeza imeneyo. Kugawako ngakhale mwana wa fomu 2 atha, ntchito ili pa 8 peresentiyo, waitenga kuti, bwanji osati 6 kapena 11, chifukwa ukangosuntha pang'ono mtengo ukusintha ndi mamiliyoni. Apo ndi pomwe pamafunika sukulu ndi kuyenda mu tauni.

Nyumba zokhalamo nthawi zambiri timafanizira ndi zinzake zomwe zagulitsidwa posachedwa dera lomwelo. Koma tchalitchi kapena sukulu ungaifanizire ndi chani, sizigulitsidwa kawirikawiri, nde pamenepo timawerengera ndalama yomangira ina yofanana nayo lero, kuchotsapo kutha kwake, kuphatikizapo mtengo wa malo. Loji kapena filing'i sitesheni timayang'ana mabuku a bizinesi. Malo opanda kanthu oti munthu amangepo mashopu timayambira ku mtengo wa chomangidwacho kubwerera m'mbuyo. Njira zake ndi zisanu, uzakaziloweza mpaka kuzilota.

Ankolo a ku Kanengo:
Ine ndisabise, ndili mbali ya bambo akewo, ngakhale mawu oti dobadoba alakwitsa. Kampani iliyonse, kaya ya matayala kaya ya sopo kaya bungwe la mpingo, imafuna akawuntanti. Valuer amafunidwa ndi angati? Kuno ku Kanengo ndagwira zaka zambiri, valuer timamuona kamodzi pakapita zaka, abwere ayeze ma warehouse apite. Mwana wamkazi akufunika pepala loti akangomaliza apeze pogwira.

Vitu:
Ankolo mwanena zoona pang'ono ndipo ine sindikufuna mtsikanayu apite ndi maloto okhaokha. Ine ndinapanga Estate Management ku Mzuni, ndi abale ake a kosi yomweyo, ntchito timalimbirana zomwezo. Nditamaliza ndinakhala pa 25 kwa achimwene anga pafupifupi zaka ziwiri ndikungotaya makalata. Malo olemba ntchito alipo koma ndi owerengeka, ku unduna wa za malo, m'makhonsolo, ku Malawi Housing, m'mabanki, makampani a nyumba ngati MPICO eni ake a Gateway Mall aja, Icon Properties, Knight Frank, makampani a penshoni ndi inshuwalansi poti ndalama zawo zambiri anaziika m'nyumba za maofesi, ndi timakampani ta ma valuer tomwe tili ndi anthu atatu anayi. Vuto lake munthu akalowa malo amenewa satuluka, nde mpata umaoneka mwa apo ndi apo.

Chinanso chomwe sakuuza pa fomu, digiri payokha siikupatsa mphamvu yosaina ripoti. Umayenera kugwira kaye pansi pa valuer olembetsedwa kwa zaka zingapo, kulowa ku Surveyors Institute of Malawi, kuyesedwa, kenako ndi pomwe dzina lako limalowa m'kaundula. Nthawi yonseyo kuyeza ukuyeza ndiwe, dzuwa likukuthera pamutu, ripoti ukulemba ndiwe, koma siginecha ndi ya abwana ndipo ndalama yeniyeni imatsata siginecha. Pamafunika kupirira.

Koma ankolo, ma akawuntanti osowa ntchito nawonso adzaza tauni ino, koleji iliyonse ikutulutsa. Ife bola tilipo ochepa.

Bambo a Yankho:
Nde panopa ukutani Vitu, unapeza?

Vitu:
Ndinadzipezera ndekha bambo. Msuweni wanga ali ku Joni anandipempha ndizimuyang'anira nyumba yake ku 49 chifukwa achibale omwe anawasiyira lendi ankangodya, nyumba ikudontha osakonza. Ndinalemba pangano ndi tenanti, ndinajambula chipinda chilichonse asanalowe, mwezi ukatha ndimamutumizira sitetimenti, yalowa yakuti, pulambala watenga yakuti, risiti iyi. Iye anauza anzake kumeneko, wina wa ku UK anamvanso, panopa ndikuyang'anira nyumba 14 ndipo ndimatengapo kagawo kanga pa lendi iliyonse. Si kulemera ayi koma lendi yanga ndimalipira, ndipo masiku ena ndimathandiza valuer wina kuti zaka zanga zolembetsera zizikwana. Zomwe ndinaphunzira ku Mzuni ndi zomwe zimandisiyanitsa ndi achibale aja.

Man Jay wa pa Biwi:
Ndabwera. Tadala mlongo wanga, ine udobadoba ndi umene ukuphunzitsa ana anga awiri, sindichita nawo manyazi. Kuyambira Biwi, Mchesi, Kawale, Chilinde mpaka 23 ndimadziwa nyumba yomwe ituluke munthu mwezi uno, ndimadziwa landilodi ovuta yemwe amatseka mpope 6 koloko, ndimadziwa komwe madzi satuluka masana. Munthu wangotsika basi kuchokera ku Mzuzu wapeza ntchito ku Capital Hill, amupezera nyumba ndani, si ine? Koma ndivomere, alipo anzathu ena amatolera ndalama yoonera nyumba kwa anthu khumi pa nyumba yoti akudziwa kuti munalowa kale munthu, amenewo ndi omwe anatiipitsira dzina ndipo bambo akowo mwina anakumana nawo.

Pomwe ine ndimathera ndi pa mapepala. Kasitomala akandifunsa kuti puloti iyi lizi yake yatsala zaka zingati, kapena banki ingandipatse zingati pa nyumba iyi, ndimangoti tikafunse. Chaka chatha ndinapeza ogula nyumba yaikulu, dilu yoti ikanandisintha, koma ogulayo anabwera ndi valuer wake ndi loya, iwo ndi amene anamaliza zonse ine ndinangopatsidwa ya thiransipoti ndi kangachepe. Ndikanakhala ndi mwayi uli nawowo sindikanafunsa munthu.

NaMbewe:
Achimwene a Jay mwalankhula chilungamo, ndipo ndinene poyera kuti ife popanda inu ntchito imativuta. Kuno mitengo yomwe nyumba zagulitsidwira anthu amabisa, wina auza mkazi wake mtengo wina, pa mapepala alembanso wina. Nde kuti ndidziwe kuti nyumba ya zipinda zitatu ku Gulliver yapita pa zingati kwenikweni, osati mtengo woitanira, ndimaimbira anthu ngati inu awiri atatu ndikufananiza. Foni yanga yadzaza ndi manambala a madobadoba.

Mayi a Mphatso:
Ine sindinapite patali ndi sukulu koma ndilankhulepo poti nkhani ya malo inandiliza. Mu 2019 bambo a kunyumba atapuma ntchito tinatenga ndalama yawo kuphatikiza ya ku banki mkhonde yanga kukagula puloti kunja kwa tauni, njira ya ku Mchinji. Anatitengera kumeneko ndi munthu wa mu tchalitchi mwathu momwe, nde tinalibe chikayiko. Tinakumana ndi mwini munda, tinapita kwa amfumu, kalata inalembedwa, chidindo chinamenyedwa, mboni zinasaina, malire anatiloza kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa mango, tinadzalamo nkhadze m'makona. Tinatsitsapo mchenga matani awiri ndi njerwa kuti mvula ikatha tiyambe.

Mvula itatha ndinapita ndekha m'mawa kukaona. Ndinapeza anyamata akukumba fawundeshoni, nkhadze zanga zazulidwa zaunjikidwa pambali, mchenga wanga omwe akupondera matope. Ndinakhala pansi pa njerwa zanga zomwe miyendo itafooka. Bambo yemwe ankamangitsayo sanali wachipongwe ayi, anapita mu galimoto n'kutulutsa kalata yake, chidindo chomwecho, dzanja lomwelo, deti yake ya m'mbuyo kuposa yathu. Patapita masabata anatulukiranso wachitatu. Tinayenda mpaka nsapato kutha, ndalama inabwerako ndi theka lokha, pang'onopang'ono, moti sinagwirenso ntchito. Mpaka lero tili pa lendi ku Chinsapo, bambo ali ndi BP.

Nde mwana wanga Tadala, ukawauze bambo ako kuti kuli mayi wina akuti akanakhala ndi mwana odziwa zimenezi m'nyumba mwake bwenzi pano akugona m'nyumba yakeyake. Pita ukaphunzire.

Bambo a Yankho:
Pepani kwambiri mayi. Nkhani ngati yanuyi pafupifupi banja lililonse mu Lilongwe muno lili nayo, kungoti ambiri amachita manyazi kunena.

Madala a ku Falls:
Pepani mayi a Mphatso. Ine ndinagwira za malo m'boma mpaka kupuma, nde ndiloleni nditalikitse pang'ono kuti mdzukulu wathuyu aone kukula kwa munda womwe akulowamo.

Mzinda uno unachita kujambulidwa pa pepala. Boma litaganiza zochotsa likulu ku Zomba linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo likulu linasamukira kuno mu 1975. Ma Area a manambalawa anachokera kumeneko, uku nyumba za mabwana, uku mafakitale ku Kanengo, uku maofesi ku City Centre, uku mapuloti a anthu wamba oti adzimangire okha. Koma anthu anabwera ambiri kuposa mapuloti. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda muno, lero tadutsa pamenepo kalekale. Amene anasowa puloti anapita kwa mafumu, nde mukuona Mtandire, Mgona, Kauma, Chinsapo, ndi midzi yonse yozungulira yomwe minda ikusanduka mapuloti usiku ndi usana.

Tsono munthu ukamagula malo funso loyamba si mtengo, ndi loti malowa ali m'manja mwa ndani. Mu tauni muno ena ndi a unduna wa za malo, ena a khonsolo, ena a Malawi Housing yomwe ilipo chiyambire 1964, ena ndi a anthu omwe ali ndi freehold, malo awoawo opanda malire a zaka. Aliyense ali ndi kaundula wake ndi njira yake yosinthira dzina. Ngati pali title deed, mumatenga nambala yake, zija zimayamba ndi Bwaila kapena Alimaunde kapena Chitsime kutengera dera, mukapange search, kufufuza ku kaundula wa malo. Pepala limenelo limakuuzani mwini wake weniweni, ngati nyumbayo ili pa chikole ku banki, ngati wina anaikapo chiletso. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe mukufuna kupereka, koma anthu amathamangira kulipira kuopa kuti wina awapitirira. Kenako saveya akakuonetseni mabikoni, zizindikiro za malire zija, osati chulu ndi mtengo wa mango. Ndipo lizi ya zaka 99 ija ili ndi zoyenera kutsata, kulipira ground rent, lendi ya malowo, chaka ndi chaka, kumanga mu nthawi yoikika, kumanga zomwe malowo anaperekedwera.

Ku malo a mafumu, malamulo atsopano a 2016 omwe anakonzedwanso mu 2022 anabweretsa makomiti a za malo m'midzi, gulupu ndiye wapampando, anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi, kuti munthu azitha kulembetsa malo a makolo ake. Mfumu ndi msungi, si mwini. Koma lamulo kulilemba ndi kwina, kuti lifike mudzi uliwonse pakufunika anthu ophunzira oti akayeze, akalembe, akaweruze. Anthu ake ndi inuyo a Tadala.

Tadala wa ku 36:
Agogo zikomo, izi sindinazimvepo ngakhale ku sukulu. Nde m'boma munkapanga chani tsiku ndi tsiku?

Madala a ku Falls:
Zambiri mdzukulu wanga. Nyumba zomwe boma limachita lendi, wina ayenera kunena kuti lendi yoyenera ndi iyi. Ma rate a khonsolo amachokera pa mtengo wa nyumba iliyonse mu mzinda, ndipo kaundula wake amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse, tangoganiza nyumba zonse za mu Lilongwe kuziyendera imodziimodzi. Koma yomwe inkandigwira mtima ndi ya chipukuta misozi. Msewu ukamadutsa, kaya bypass, kaya mapaipi a madzi, kaya mawaya a magetsi, anthu amasamutsidwa, nde umapita ndi kope kukawerenga nyumba, khitchini, nkhokwe, khola, chitsime, mitengo ya mango umodziumodzi, nthochi phata ndi phata. Gogo waima pambali pako akuyang'ana cholembera chako, akudziwa kuti chomwe ulembe ndi chomwe akayambire moyo kwina. Ukalemba mwaulesi wamupha. Ukalemba mokondera wabera boma. Ndinkagona mochedwa masiku amenewo.

Chiku:
Ndiwonjezere za ku banki poti ndi komwe ndili. Munthu akafuna ngongole yaikulu timafuna chikole, ndipo chikole chomwe timachikhulupirira ndi nyumba ya title deed. Kalata ya amfumu sitilandira, nyumba ikhale yokongola bwanji. Tikatero timatuma valuer yemwe ali pa mndandanda wathu, amatipatsa mtengo wa pamsika komanso mtengo woti itagulitsidwa mwachangu munthu akalephera kubweza, womwe umakhala wotsikirapo, ndi wina wa inshuwalansi woti nyumba itapsa timangenso ndi zingati. Ngongole timaiyeza pamenepo. Nde ripoti la valuer likanama, banki yagwa m'dzenje, ndipo valuer ameneyo sitimutumanso. Mbiri imayenda msanga, ma valuer mu Malawi muno amadziwana onse.

Chinanso, ndi chiwongola dzanja chodutsa 20 peresenti chomwe takhala nachochi, ndi anthu ochepa angagule nyumba pa ngongole. Ambiri amamanga pang'onopang'ono, chaka chino fawundeshoni, chaka chamawa mpaka pa windo. Zimenezo zimachepetsa ntchito za ma valuer ku mbali yathu, ankolo a ku Kanengo asaoneke ngati akunama.

NaMbewe:
Zomwe wanena Chiku zandikumbutsa, ndipo Tadala umve bwino apa chifukwa mayeso enieni a ntchitoyi sali ku MUBAS. Tsiku lina anandituma kukayendera nyumba kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi, mwini wake ankafuna ngongole. Nyumba yooneka bwino, penti watsopano, matailosi onyezimira, mpanda wa njerwa, geti lotsetsereka. Bambowo anandilandira bwino, Fanta ozizira pa tebulo. Ndinayamba kuyeza ndi tepi kunja, mnyamata wanga wagwira mbali ina ine ndikulemba. Titafika kuseri ndinaona kuti zipinda ziwiri ndi zoonjezera, pa pulani yomwe khonsolo inavomereza palibe. Ndinalowa mkati, ndinatsegula wadiropu ya m'chipinda chakumapeto, fungo la chinyezi linandimenya, ndipo mkati mwa wadiropumo momwe sanapakemo penti munali mzere wa matope ofika m'bondo. Ndinatuluka kukayang'ana mpanda wa aneba, mzere omwewo, msinkhu omwewo. Amene analipo mu February 2017 akukumbuka zomwe Lingadzi anachita ku Mtandire ndi mbali za 47 ndi 49. Chikomekome cha mkuyu.

Nditamaliza bambo aja anandiperekeza ku galimoto, anatsitsa mawu, akuti mwana wanga pa mtengo uja ukaikepo chakuti, banki ikufuna ifike pakuti, envelopu ili m'manja. Sanali munthu oipa, bizinesi yake inali pa mavuto, ndinamumvera chisoni ndithu. Koma ndinawauza kuti bambo ndikalemba zomwe ndaona, za madzi ndikalemba, za zipinda zija ndikalemba. Nkhope inasintha, anaimbira abwana anga kuti mwanditumizira kamtsikana kamwano. Masiku amenewo ndinali ndisanalembetsedwe, malipiro ochepa, lendi yanga inali itakwana, envelopu ija ndinaiganizira usiku onse, sindinama. Abwana anawerenga ripoti, anaona zithunzi za mu wadiropu, anasaina osasintha kanthu. Kuyambira pamenepo nyumba zovuta ankatuma ine.

Tadala wa ku 36:
Eee achemwali. Nde simuopa kulowa m'nyumba za anthu osawadziwa, inu munthu wamayi? Amayi afunsa zimenezo.

NaMbewe:
Amayi afunsa funso labwino. Sindipita ndekha, tepi imafuna anthu awiri kale. Ku ofesi amadziwa komwe ndili ndi nthawi yomwe ndibwere. Nyumba yopanda anthu sindilowa madzulo. Agalu ndimafunsa ndisanatsike galimoto. Ndipo atsikana tilipo ambiri ndithu mu ntchitoyi, si ya amuna okha. Chovuta kwambiri ndi fumbi ndi matope basi, nsapato za hilu uzisiya ku ofesi.

Bambo a Yankho:
Ine funso langa ndi la mitengo ya mapuloti. Zikutheka bwanji kuti malo opanda madzi, opanda magetsi, msewu wake wa fumbi, mtengo ukukwera chaka ndi chaka? Kodi si inu ma valuer ndi madobadoba mukukweza?

Man Jay wa pa Biwi:
Ife timangonena zomwe mwini wake wanena bambo, ena timachita kuwatsitsa.

Vitu:
Ndi kwacha bambo. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene ali ndi ndalama akuona kuti ikasungidwa ku banki ikusungunuka, nde amathamangira dothi, poti dothi siliola. Ena ndi a kunja aja akutumiza ma rand ndi ma pound. Onjezanipo anthu omwe akubwera mu tauni tsiku ndi tsiku, ndi misewu, taonani mmene malo a m'mbali mwa bypass anasinthira msewu utangodutsa. Valuer sapanga mtengo, amauwerenga. Kungoti masiku ano ripoti limakalamba msanga, simenti ikakwera kawiri mtengo omangira womwe unalemba miyezi isanu ndi umodzi yapitayo watha ntchito.

Mayi a Favour:
Pepani ndilowerere, wanga sanamutenge ku yunivesite koma amakonda zomwezi. Pali njira ina?

Madala a ku Falls:
Akafunse ku NRC, Natural Resources College, njira ya ku Mchinji, yomwe pano ili pansi pa LUANAR, za diploma ya Land Administration. Ndagwirapo ntchito ndi ana ochokera kumeneko, ena anadzapitiriza digiri pambuyo pake.

Ankolo a ku Kanengo:
Chabwino ndamva, sindikakamira. Koma mawu anga ndi awa, akapite ku Land Economy koma ICAM asaitaye, atha kumalemba mapepala ake pang'onopang'ono pa holide. Munthu odziwa nyumba komanso mabuku a ndalama makampani a penshoni aja sangamusiye. Ndipo atachimenti ayambe kusaka chaka choyamba, asadikire sukulu imusakire.

NaMbewe:
Apo ankolo tagwirizana. Aphunzirenso Excel bwinobwino ndi GIS, za mamapu pa kompyuta, komanso laisensi ya galimoto akapeza mpata, imathandiza pa intaviyu kuposa mmene anthu amaganizira.

Tadala wa ku 36:
Ndabweranso akuluakulu. Usiku ndinawawerengera adadi zonse kuyambira pamwamba, amayi ali pomwepo. Pa za a Man Jay anaseka, akuti bola avomera okha. Koma nditafika pa nkhani ya mayi a Mphatso anakhala chete nthawi yaitali, kenako analowa kuchipinda n'kutulutsa chikwama chomwe amasungamo masatifiketi, muli kalata imodzi yokha ya pa kope, yothimbirira, ya mu 2004, yomwe anagulira malo tikukhalapowa. Alibenso pepala lina. Nyumba tamanga, ya lendi kuseri tamanga, zonse zili pa kalata imeneyo. Sananene kuti avomera za kosi, koma m'mawa uno afunsa kuti fizi ikufunika liti ndipo za loni ya boma timalembetsa bwanji. Komanso akuti ndifunse agogo a ku Falls kuti pa malo athuwa angayambire pati.

Madala a ku Falls:
Auze bambo ako kuti kalatayo aipange fotokope lero lomwe, yeniyeniyo isamayendeyende. Kenako apite nayo ku khonsolo ku Civic Offices akafunse kuti malo amenewo ali m'manja mwa ndani, khonsolo kapena unduna, chifukwa njira yofunsira lizi imayambira pamenepo. Atenge chiphaso chawo, mabilu a madzi ndi magetsi a dzina lawo, ndipo ngati mboni zomwe zinasaina zilipo zamoyo adziwe komwe zili. Asapereke ndalama kwa munthu wa pakhonde owauza kuti awathamangitsira, alipire pa kauntala atenge risiti. Upite nawo iweyo, ukamve mafunso omwe akafunsidwe.

Mayi a Mphatso:
Apite ndithu asachedwe. Ndikupemphererani.

NaMbewe:
Tadala, Loweruka ndili ndi nyumba ziwiri zoyendera, ina ku 25 ina ku Area 43, uone kusiyana kwake tsiku limodzi. Ngati amayi alola ndilembere ku inbox tipangane pokumana, ndinyamuka 8 koloko. Uvale nsapato zotseka, utenge kope ndi pensulo, tepi ukagwira ndiwe.